Amuna anga akhala akugwiritsa ntchito kokeni zaka 7, ndiyambire pati?

Nabanda_Joni:
Moni nonse. Tikukhala ku Johannesburg ndipo tili ndi ana awiri. Amuna anga anayamba ndi kokeni waufa wokokera m'mphuno, koma pano akusuta wamiyala uja. Akalandira malipiro amasowa masiku awiri, akabwera amangogona, kenako kulira n'kulonjeza kuti asiya. Kodi alipo mankhwala ochotsa chibaba chimenechi? Nanga nditawatumiza kumudzi kuti atalikirane ndi anzawo, zingathandize?

Namwino_wa_Usiku:
Mayi, pepani ndi mtolo umene mwasenza. Mpaka pano palibe mankhwala ovomerezeka ochotsa chibaba cha kokeni, monga momwe methadone amathandizira anthu a heroin. Wina akakuuzani kuti ali ndi jakisoni kapena zitsamba zotsuka magazi, ndalama zanu zingopita pachabe. Dokotala angathe kupereka mankhwala a kusowa tulo kapena a matenda a maganizo, koma chimene chimagwira muzu wa vutoli ndi uphungu wa miyezi ingapo.

Kusowa masiku awiri kuja chifukwa chake ndi ichi. Kokeni wokokera m'mphuno mphamvu yake imatha pakadutsa mphindi 15 mpaka 30. Wamiyala wosuta uja amafika ku ubongo m'masekondi ochepa, ndipo pofika mphindi 5 mpaka 10 watha kale. Ndiye munthu amangobwereza mpaka m'thumba muume. Akaleka thupi limagwa: tulo tosatha, njala yoopsa, kupsa mtima msanga, kukhumudwa kwambiri. Masiku oyambirira ndiwo owawitsa. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amayamba kuoneka bwino, koma chibaba ndi kusakondwa ndi chilichonse zimabwerabwera kwa miyezi. Misozi ija nthawi zambiri imakhala yeniyeni, kungoti lonjezo lopangidwa thupi litagwa silipirira tsiku la malipiro.

Kusiya kokeni pakokha sikupha, choopsa m'masiku amenewo ndi maganizo ofuna kudzipha. Afunseni mosabisa kuti, "Kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Akavomera, musawasiye okha, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati amamwa mowa tsiku lililonse kapena mapiritsi ogonetsa ngati diazepam, zimenezo asazisiye mwadzidzidzi popanda dokotala, chifukwa munthu amatha kugwa khunyu. Mowa ukakumana ndi kokeni, chiwindi chimapanga mankhwala ena otchedwa cocaethylene, amene amakhalitsa m'magazi ndipo amavulaza mtima kwambiri. Komanso kwa ambiri botolo limodzi ndilo limatsegula khomo la kokeni, choncho ziwirizi zimasiyidwa pamodzi.

Akamva kuwawa pachifuwa, kubanika, mutu waukulu wadzidzidzi, mbali imodzi kufooka, pakamwa kupotoka, thupi kutentha kwambiri kapena kukomoka, itanani ambulansi poimba 112 pafoni yam'manja kapena 10177. Kuchipatala nenani zoona za chimene asuta ndi nthawi yake, chifukwa madokotala amasankha mankhwala a mtima potengera zimenezo. Zilonda zakuda pamakutu kapena malungo obwerabwera musazipeputse: ogulitsa amasakaniza kokeni ndi levamisole, mankhwala a njoka zam'mimba za ziweto, amene amagwetsa chitetezo cha m'thupi. Nonse awiri kayezetseni HIV.

Mlangizi_wa_Mabanja:
Achemwali, kusiyako adzasiya okha, inu simungawasiyire. Koma zimene zimachitika pakhomo kusuta kusanachitike ndiponso kutachitika, mbali yaikulu ili m'manja mwanu. Pali njira yotchedwa CRAFT imene amaphunzitsa a pabanja, ndipo pa kafukufuku wake pafupifupi mabanja awiri mwa atatu aliwonse anakwanitsa kufikitsa m'bale wawo ku chithandizo popanda kumukakamiza.

Yambani ndi kope. Kwa mwezi umodzi lembani tsiku limene asuta, nthawi, anali ndi ndani, ndalama zinachokera kuti, ndiponso chinachitika n'chiyani maola ochepa zisanachitike. Mudzaona kuti sizichitika mwachisawawa. Mwina ndi Lachisanu la malipiro, mwina mukakangana, mwina foni ya munthu mmodzi ikalira. Kopelo si la umboni wowazengera mlandu, ndi lokuuzani pamene mungatseke.

Nkhani muikambe nthawi yoyenera. Ali ataledzera ndi kokeni musayambe n'komwe, ndipo tsiku loyamba atabwera sangamve kanthu. Dikirani adzuke, adye, mutu uwongoke, pamene akudzimvera okha chisoni. Mawu akhale ochepa, osapitirira mphindi zisanu: "Bambo, mukasowa usiku ine sindigona ndi mantha. Ndimakukondani mukakhala bwinobwino ngati lero. Ndapeza malo, atha kutiona Lachiwiri m'mawa, ndipita nanu." Mfundo ndi yakuti malowo mukhale mutawapeza kale, tsiku ndi ndalama ya takisi zili pafupi, chifukwa mtima wovomera umatha kuzilala m'maola ochepa. Ku South Africa yambani ndi ofesi yapafupi ya SANCA, bungwe lothandiza anthu a mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, kapena kiliniki ya boma. Akakana, musakangane, mudzayesenso ulendo wina.

Pa ndalama ndiye muumepo mtima. Gwirizanani ali bwinobwino kuti lendi, chakudya ndi fizi zizichoka tsiku lomwelo malipiro alowa, khadi lizikhala ndi inu, iwo azitenga ya ulendo wa tsiku limenelo basi. Mukhale ndi akaunti yanuyanu imene sadziwa nambala yake yachinsinsi. Mapasipoti ndi zikalata za ana kasungitseni kwa munthu wodalirika. Ngongole ya kwa ogulitsa kapena kwa a katapila musabweze. Mukabweza kamodzi, mwawatsegulira ngongole ina yaikulu, ndipo ogulitsawo adziwa kuti pakhomo pali wolipira.

Apa ndi pamene akazi ambiri achikondi amalakwitsa: kuimbira abwana kuti bambo akudwala malungo, kukawombola foni imene anapinyolitsa, kunamiza apongozi. Zonsezi zimachotsa ululu umene ukanawakankhira ku chithandizo. Lekani kuwabisira, koma osawanyoza. Akabwera atasuta, nenani mofatsa kuti mucheza nawo akakhala bwino, n'kuchokapo. Akakhala tsiku osasuta, tsiku limenelo likome: ndiwo zimene amakonda, kuyenda ndi ana, kuwauza kuti mwaona. Ena amaona ngati n'kunyengerera mwana, koma ubongo wozolowera chisangalalo cha kokeni umafunika kuphunziranso kuti kukhala bwinobwino kuli ndi phindu lake. Ndipo musaopseze chimene simungachite. Mukanena kuti muchoka katatu osachoka, mawu anu atha mphamvu.

Mbwana_wa_ku_Mzuzu:
Za kumudzi zija ndiyankheko. Kusamuka kumathandiza masabata oyamba chifukwa ogulitsa ali kutali, koma chibaba chimakwera nawo basi yomweyo. Ambiri akafika kumudzi opanda chochita amalowa kachasu ndi chamba, ndipo akabwerera ku Joni amayambiranso sabata yomweyo. Ngati apita, apite ku chithandizo chenicheni. A chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo a matenda aakulu a maganizo amawalandiranso ku Zomba Mental Hospital. Muyambe mwafunsa za malo ndi mtengo asananyamuke.

Ndisiyaneko pang'ono ndi alangizi pa za khadi. Kusunga khadi kumayenda pokhapokha mwini wake wavomera. Mukalanda mokakamiza, katundu wa m'nyumba ndiye ayamba kusowa. Ankhoswe adziwe, koma sankhani mmodzi kapena awiri amene bambowo amawalemekeza. Kuitana mtundu wonse kuti uwazinge kumabala manyazi, ndipo manyazi amathamangitsira munthu komwe kuja.

Nabanda_Joni:
Zikomo nonse. Nanga ndingadziwe bwanji kuti asiyadi? Ndipo nthawi zina akasuta amandinamizira zibwenzi, amasuzumira pawindo usiku wonse akuti anthu akuwalondola.

Namwino_wa_Usiku:
M'mafamase muli tizida toyezera mkodzo. Timaonetsa kokeni kwa masiku 2 mpaka 4 munthu atasuta, ndipo kwa wosuta kwambiri zimatha kupitirira sabata. Choncho kuyeza kamodzi pamwezi n'kungotaya ndalama, kumafunika kawiri kapena katatu pasabata. Ndibwino kuyezako kuzichitika kwa alangizi, inu musasanduke wapolisi m'nyumba mwanu. Njira imene yaonetsa zotsatira zabwino kwambiri pa kokeni yagona pomwepa: mkodzo ukapezeka woyera munthu amalandira kamphatso, kamakula akapitiriza, ndipo kamabwerera poyambira akasuta. Funsani ngati kumene mupiteko amachita zimenezi pamodzi ndi uphungu wa CBT, wophunzitsa munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake. Chithandizo chosakwana miyezi itatu kawirikawiri sichigwira, ndipo akatuluka ku rehab, malo ogonera anthu osiya mankhwala, apitirize misonkhano ya Narcotics Anonymous kapena Cocaine Anonymous, magulu a anthu osiya mankhwala amene amalimbikitsana okhaokha. Inu muli ndi yanu ya Nar-Anon, ya achibale.

Kuyambiranso kumachitikira anthu pafupifupi 40 mpaka 60 mwa 100 aliwonse. Zikachitika, abwerere kwa mlangizi mawa lake lomwelo, n'kuona chimene chinatsegula khomo. Nambala za ogulitsa zifufutidwe, ngakhale kusintha nambala ya foni kumene, ndipo mapaipi ndi timapepala tonse tichoke m'nyumba.

Mlangizi_wa_Mabanja:
Achemwali, zimene mwanena zomalizazi ndi zazikulu kuposa zonse. Kukayikira anthu ndi kumva ngati akulondoledwa ndi kusokonezeka mutu kobwera ndi kokeni, ndipo nthawi imeneyo munthu wofatsa amatha kuvulaza. Musatsutsane nawo, musaime pakhomo kuwatsekereza, musakhale nawo kukhitchini kumene kuli mipeni. Tengani ana mukagone kwina. Konzeranitu chikwama chokhala ndi zovala, ndalama pang'ono ndi makiyi, ndipo mugwirizane ndi mnansi mmodzi mawu oti mukawatumiza pafoni abwere kapena aitane apolisi pa 10111. Zikapitirira masiku angapo ngakhale sanasutenso, akaonedwe ndi dokotala wa maganizo.

Ngati anakumenyanipo kapena kukuopsezani, zonse ndinanena za khadi ndi kukambirana ziyambe zaima. Pitani ku khoti la majisitireti mukapemphe chikalata chokutetezani, n'chaulere ndipo sichifuna loya. Lamulo la ku South Africa la 2008 la za mankhwala osokoneza bongo limalolanso khoti kutumiza munthu ku chithandizo iye asakufuna, ngati akuika moyo wake kapena wa banja pachiswe. Zimenezo zimayambira kwa a social worker, ogwira ntchito yosamalira anthu, ndipo kope lija mulitenge popita.