Pampu ya pawa sitiyering'i ikulira, kodi mkatimu zimayenda bwanji?

WaMinibasi_Ndirande

Akuluakulu ndithandizeni. Hiace yanga ikumalira ngati kamwana ka mbuzi ndikamakhota, makamaka mmamawa, chiwongolero nachonso chayamba kuuma. Dzulo mnyamata wa pagalaja wamasula pampu, ndiye mkati ndaona kachitsulo kozungulira kokhala ndi timipata, mtimipatamo muli tizitsulo tophwatalala ngati malezala, ukangopendeketsa tikumagwa tokha. Iye akuti ndi ma vane amenewo, atha, mugule pampu ina. Koma tinthu togwedera chonchi tingakankhe bwanji oyilo mpaka kukhotetsa matayala galimoto itadzadza? Ndisanataye ndalama ndikufuna ndimvetse kaye.

MadalaAkuGalaja

Achimwene musathamangire kugula. Kugwederako si vuto, anatipanga dala kuti tizilowa ndi kutuluka. Kozungulirako ndi rota, ndipo imakhala mkati mwa ring'i ija amati cam ring, tayiyang'anitsitsani muona kuti bowo lake silobulungira bwino, ndi lotalikirako ngati dzira. Lamba akayamba kupota rota, ma vane aja amaponyedwa kunja nkukatsamira khoma la ring'i, ngati mwala wa pa legeni uja ukamaupukusa, kenako oyilo wa pulesha amalowanso kunsi kwake kumawakankhirabe kukhomako. Ndiye pakati pa vane ndi mnzake pamakhala kachipinda. Pomwe khoma latalikira kachipindako kamakula nkuyamwa oyilo wa mthanki, pomwe khoma layandikira kamachepa, ndipo poti oyilo safinyika sangachitire mwina koma kutuluka kupita ku sitiyering'i. Mmapampu a galimoto zimenezi zimachitika kawiri rota ikazungulira kamodzi, mbali iyi ndi inayo, nchifukwa chake shafiti siyipanikizidwa mbali imodzi. Nzeru yakale iyi, Charles Barnes wa ku Canada analembetsa pampu ya ma vane mu 1874.

Inu chitani chonchi, pukutani ring'iyo muyendetse chikhadabo mkati. Ngati mukusalala bwino ndiye pampu ilipo. Mukamva timizeremizere ngati msewu wafumbi wa mabampu, yapita imeneyo.

Fita_wa_ku_Kanengo

Madala anena zoona koma kulira kwa mmamawako ine ndikukayikira mpweya. Bwezerani pampu, lizani injini, tsegulani kathanki ka oyilo muone, ngati muli thovu ndiye ikuyamwa mpweya penapake, nthawi zambiri ndi O-ring (kamphira kozungulira kotseka polumikizira) wa payipi yolowera kapena payipi yomweyo yauma yang'aluka. Mbali yoyamwayo siyidontha kwambiri ndiye anthu saikayikira. Onaninso kasefa ka pansi pa thanki, kakatsekeka pampu imakhala ndi njala ndipo imalira chimodzimodzi. Komanso madalaivala muli ndi chizolowezi chokhotetsa mpaka kumapeto nkugwirira pompo mukamatembenuka pa depoti, pamenepo oyilo amangozungulira pa relief valve, kavavu kochepetsa pulesha ikachuluka, nkumatentha.

WaMinibasi_Ndirande

Eish thovu ndinaliona sabata yatha koma ndimayesa ndi mmene oyilo amakhalira. Ndiye ma vane omwewa ndi amene ali kuseri kwa oteneta? mnyamatayu anati kulinso kapampu kumeneko

MadalaAkuGalaja

Eya, pa ma dizilo akale ambiri kapampu ka vacuum kamakhala kuseri kwa oteneta, mfundo yake ndi yomweyi kungoti iko kamayamwa mpweya wa mu busita ya mabuleki. Kakafooka mudzamva buleki kulimba ngati mwaponda mwala. Ngakhale mfuti ija amamasulira manati a matayala ili ndi ma vane, koma kumeneko zinthu zimatembenuka, mpweya wa kompresa ndi umene umakankha ma vane nkupota rota. Ake sakhala achitsulo, ndi a faiba, ndiye amafuna timadontho ta oyilo polowera mpweya, apo ayi amakakamira mmipata mfuti nkumangopuma osazungulira.

Mnyamatayo pomanga pampu ya sitiyering'iyo mumuyimirire. Vane aliyense mbali yobulungira iyang'ane ku ring'i, asagwiritse sanza yothothoka ulusi, ndipo kamchenga kamodzi kasalowe. Oyilo ikani amene analembedwa pachivundikiro, akatha anyamule kutsogolo ndi jeke muzungulitse chiwongolero uku ndi uku injini isanalire mpaka thovu lithe.

WaMinibasi_Ndirande

Zikomo madala, ring'i ndayipalasa ndi chala ikusalala bwinobwino, koma O-ring uja wauma gwa, wathyoka ndikumuchotsa. Ndatuma mwana akagule wina ku Limbe.