Pakamwa panapotoka kwa mphindi 20 kenako n'kuwongoka: tipitebe kuchipatala?

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu a pa gulu, ndithandizeni nzeru. Bambo anga ali ndi zaka 63, amadwala BP koma mankhwala anasiya kalekale. Dzulo madzulo kapu inawapulumuka m'dzanja lamanja, pakamwa panapotokera mbali imodzi, mawu n'kumatuluka ngati a munthu woledzera. Patatha mphindi ngati 20 zonse zinabwerera m'malo, lero adya nsima bwinobwino. Azakhali akuti yadutsa imeneyo, ena akuti tiwatemere mphini. Tipitebe kuchipatala ngakhale achira?

Adokotala:
Pitani nawo lero lomwe, musadikire tsiku la sikelo ya BP. Zimene mwafotokozazi timazitcha TIA, kasitiroko kochenjeza, ndipo ngozi ya sitiroko yeniyeni imakula kwambiri m'maola 48 oyamba.

Ubongo ndi 2 peresenti chabe ya kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni yense, ndipo ulibe nkhokwe. Magazi akasiya kufika penapake, maselo a pamenepo amayamba kufa m'mphindi zochepa. Amaudyetsa ndi mitsempha inayi: iwiri ya carotid, imene mumaimva ikugunda kutsogolo kwa khosi, ndi iwiri ya vertebral yodutsa m'mafupa a khosi kumbuyo. Pansi pa ubongo yonse imalumikizana ngati mphete, n'chifukwa chake wina ukamatsekeka pang'onopang'ono inzake imatha kuthandizirako. Koma nthambi zotuluka pa mpheteyo zikatsekeka, dera la ubongo limene zimadyetsa limatsala pouma.

Mbali yamanzere ya ubongo imalamula mbali yamanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri ndi komwenso kuli chiyankhulo. Dzanja lamanja ndi mawu kufooka pamodzi zikuloza kumanzere, dera la carotid. Kachidutswa ka magazi oundana kanatseka njira, kenako kanasungunuka. Komwe kanachokera kudakalipo.

Anamwino:
Ndiwonjezere za zochita zikabweranso muli pakhomo kapena panjira. Auzeni amwetulire, akweze manja onse awiri, anene dzina la mudzi wawo. Chimodzi chikakanika, yang'anani wotchi mulembe nthawi, chifukwa ndi funso loyamba limene tidzakufunseni. Agonekeni chammbali, mutu pamwamba pang'ono. Musawapatse madzi, phala, tiyi kapena piritsi lililonse. Sitiroko imafooketsa pakhosi, chakumwa chimalowera kumapapo, pakapita masiku awiri kapena atatu chibayo chayamba, ndipo ambiri amatisiya ndi chibayocho. Nyamulani buku lawo lakuchipatala ndi timapepala ta mankhwala akale. Mukafika pemphani awayeze shuga msanga, poti shuga akatsika kwambiri amaonetsa zizindikiro zomwezi.

Membala wobisa dzina:
Zikomo kwambiri. Nanga aspirin wa pagolosale? Ndamva kuti amasungunula magazi. Ndipo mapiritsi a BP otsala aja ndiwapatse awiri kuti itsike msanga?

Adokotala:
Zonse ziwiri ayi, mayi kapena bambo. Sitiroko ili mitundu iwiri. Yochuluka ndi ya kutsekeka kwa mtsempha, inayo ndi ya kuphulika kwa mtsempha magazi n'kutayikira mu ubongo, ndipo yachiwiriyi imakonda anthu a BP yosasamalidwa ngati bambo anu. Ndi maso simungazisiyanitse, chimasiyanitsa ndi CT scan, makina ojambula mkati mwa mutu, amene amapezeka ku zipatala zazikulu monga Queens ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Aspirin amathandiza pa kutsekeka, koma pa kuphulika amawonjezera kutaya magazi. Asankhe ndi dokotala amene wawapima. Akaona kuti n'koyenera, nthawi zambiri amayamba ndi 300 mg, kenako 75 mg tsiku lililonse.

Za BP nazo samalani. Mtsempha ukatsekeka, thupi limakweza BP dala kuti magazi akankhike kukafika ku maselo ozungulira bala, amene akomoka koma sanafe. Mukaigwetsa mwadzidzidzi mwawamaliza. M'tsiku loyamba la sitiroko yotsekeka timatha kuisiya osaikhudza ngati sinapitirire 220/120. Kuitsitsa kufika pansi pa 140/90 ndi ntchito ya masabata, ndi mankhwala monga amlodipine kapena HCT (hydrochlorothiazide), omwa moyo wonse, osati mutu ukawawa pokha.

Wa mafizo:
Chimene chimaiwalika: awamvetsere mtima. Ukamagunda mosokonekera, magazi amaundana mkati mwake n'kuponyedwa ku ubongo, ndipo pamenepo aspirin sakwanira, pamafunika mankhwala ngati warfarin. Ayezetsenso HIV, chifukwa kuno kwathu kachiromboka kamabweretsa sitiroko ngakhale kwa achinyamata. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma, soya ndi timakyubu tothira ndiwo. Ngati amasuta fodya, asiyiretu.

Anamwino:
Azakhaliwo auzeni mwaulemu kuti mphini imathera pakhungu, pomwe vuto lili mkati mwa mtsempha. Dziwaninso kuti mitsempha yakumbuyo ija ikatsekeka zizindikiro zimasintha: chizungulire chadzidzidzi, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira, kutsamwa. Zimenezo nazo n'zothamangira. Ndipo lero asapalase njinga okha popita kuchipatalako, apeze wowanyamula.