Mwana wotupa uja, miyezi itatu yatha mkodzo sukuyera

Kilinikolo ofesala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mnyamata wa zaka 11 anabwera atatupa kumaso ndi miyendo, BP yokwera, mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Anali ndi zilonda pakhungu masabata atatu m'mbuyomo, ndiye tinati ndi kutupa kwa impso kotsatira tizilombo ta streptococcus. Furosemide (mankhwala okodzetsa) ndi kuchepetsa mchere zinathandiza, kutupa kunaphwa. Koma miyezi itatu yatha, dipstick (kapepala koyezera mkodzo) ikuonetsabe magazi ndi protein yambiri (3+), creatinine, yomwe imakwera m'magazi impso zikamafooka, ikukwera pang'onopang'ono. Mayi ake ayamba kukamba za asing'anga.

Anamwino: Likodzo mwaliyeza, achimwene?

Kilinikolo ofesala: Mazira a likodzo mumkodzo mulibe, mankhwala ake a praziquantel anamwa kale. HIV, hepatitis B ndi malungo palibenso.

A ku labu: Magazi a likodzo amakhala ofiira, amadza kumapeto kokodza. Tumizani mkodzo wam'mawa tione ngati muli red cell casts, timagulu ta maselo ofiira tosonyeza kuti magazi akuchokera mu impso.

Adokotala a ana: Yezaninso C3 ndi C4, maprotein a m'magazi othandiza chitetezo cha m'thupi. Pa kutupa kotsatira streptococcus, C3 imatsika koma imabwerera m'malo mwake pa masabata 6 mpaka 8. Ikakhalabe pansi patatha masabata 12, ganizirani matenda a impso otchedwa C3 glomerulopathy. Pamenepo mbali ya chitetezo cha m'thupi yotchedwa complement imalephera kudziletsa, tizidutswa ta C3 timaunjikana m'masefa a impso mpaka kuwaononga. C4 ikatsikira limodzi, yezani ANA m'magazi kufufuza lupus, matenda omwe chitetezo chimaukira thupi lomwe; amagwira kwambiri akazi koma angakhalepo ngakhale ndi mnyamata. Chotsimikiza ndi biopsy basi, kutenga kachidutswa ka impso n'kukayeza. Matenda a C3 glomerulopathy ndi osowa koma ngoopsa: pafupifupi theka la odwala impso zimasiya kugwira ntchito m'zaka 10, ndipo amakonda kubwerera pa impso yoikidwa. Mankhwala a iptacopan anavomerezedwa pa matendawa ku America mu 2025, koma kwa akuluakulu.

Kilinikolo ofesala: Ndiyambe prednisolone, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo, podikira, adokotala?

Adokotala a ana: Ayi, osati mwachimbulimbuli, komanso musanafufuze TB. Yambani enalapril, mankhwala a BP otetezanso impso, muyeze potassium ndi creatinine pakatha sabata imodzi kapena awiri. Brufen, diclofenac ndi gentamicin asazilawe. Mutumizeni ku Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central creatinine isanathawe.

Anamwino: Mayiwo muwakhazike pansi. Akuona mwana waphwa ndiye akudabwa kuti mukuwaitanirabe chiyani. Aonetseni dipstick yomweyo, muwauze kuti zitsamba zina zimamaliza impso yofooka kale. Afunseninso ngati ali nayo ya thiransipoti, ambiri amasowa pamenepo.

Kilinikolo ofesala: Zikomo nonse. Mkodzo ufika ku labu mawa m'mawa, kalata yotumizira ndilemba lero.