BuddyPress pa webusaiti ya bungwe la mamembala 300: tiike kapena tingodzisenzetsa katundu?

Chimwemwe_M:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pali webusaiti ya WordPress ya bungwe la anthu omwe anaphunzira pasukulu imodzi, mamembala alipo 300. Komiti ikufuna zinthu zitatu: aliyense akhale ndi tsamba lake lolembedwa dzina, chaka chimene anamaliza sukulu, ntchito ndi boma limene akukhala, pakhale mndandanda woti munthu azifufuzamo mnzake, komanso pakhale malo ofunsirana mafunso. Wina mu komiti wati tiike BuddyPress, plugin (pulogalamu yowonjezera pa WordPress) yoti mamembala azichezerana, kuti webusaitiyo ikhale Facebook yathuyathu. Hosting ndi ya shared, yotchipa ija yogawana seva imodzi ndi mawebusaiti ena. Kodi BuddyPress ikuyenera apa, kapena tikugula basi pomwe ulendo wake ndi wa njinga?

Kamwendo:
A Chimwemwe, pa zitatu mwatchulazo, BuddyPress ikuthandizani ziwiri zokha. Malo ofunsirana mafunso ilibe, amenewo amabwera ndi bbPress, yomwe ndi plugin ina payokha. Chimene BuddyPress inapangidwira ndi choti mamembala azichitirana zinthu okhaokha: kupemphana ubwenzi, kutumizirana mauthenga amseri, kutsegula magulu, kulemba pa Activity Stream (tsamba loonetsa zimene mamembala alemba) anzawo n'kumayankha. Ndiye afunseni a komiti kuti pa zinayi zimenezi n'chiti chimene akuchifunadi, komanso ndani azichiyang'anira tsiku ndi tsiku. Akayankha zoti "tidzaona kutsogolo", musaike.

Nkhani ya hosting ndiye musaipeputse. Ma plugin a cache monga WP Super Cache amasunga tsamba lokonzakonza n'kumapatsa alendo, koma munthu amene walowa mu akaunti yake sapatsidwa tsamba losungidwalo, chifukwa zimene iye akuyenera kuona ndi zake yekha. Tsono webusaiti ya BuddyPress moyo wake wonse ndi anthu olowa mu akaunti. Aliyense akadina, PHP (imene imayendetsa WordPress pa seva) iyambe ntchito, database ifunsidwe. Onjezani apo kuti tsamba la Activity, ngati mwasiya auto-refresh yoyatsa, limagogoda pa seva kudzera pa admin-ajax.php masekondi 15 aliwonse kufunsa ngati kwabwera zatsopano. Anthu 20 akakhala akuyang'ana tsambalo nthawi imodzi, ndiye kugogoda ka 80 pa mphindi imodzi popanda amene walemba kalikonse. Pa shared hosting, pomwe amakuikirani malire a ma process a PHP oyenda nthawi imodzi, zimathera ku error 503 kapena 508.

Nangondo:
A Kamwendo anena zoona pa za cache, koma pang'ono akuiopseza. BuddyPress siikakamiza kuyatsa zonse. Pitani ku Settings, BuddyPress, Components, musiye Extended Profiles ndi Account Settings zokha, muzimitse Friend Connections, Private Messaging, Activity Streams, User Groups ndi Site Tracking. Chotsala ndi masamba a mamembala ndi mndandanda wawo, basi, ndipo mamembala 300 seva iliyonse yabwinobwino iwanyamula.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri si kulemera kwake ayi, ndi khomo lolembetsera. Kuti anthu azidzilembetsa okha muyenera kuchonga "Anyone can register" ku Settings, General, ndipo tsamba la /register/ maroboti a spam amalidziwa ngati njira ya kwawo. Muikepo CAPTCHA, kamayeso kosiyanitsa munthu ndi roboti, apo ayi mutseke kulembetsa n'kumaitana mamembala nokha. Chachiwiri ndi imelo. Munthu akalembetsa, akaunti yake imadikira mpaka adine ulalo umene watumizidwa. WordPress imatumiza imelo kudzera pa mail ya PHP, ndipo pa hosting zambiri zotchipa imeloyo imakagwera mu spam kapena siifika n'komwe. Mudzapeza anthu ataunjikana pa Users, Pending, onse akudandaula kuti webusaiti ikuwakana. Mankhwala ake ndi plugin ya SMTP (yotumiza imelo kudzera pa seva yeniyeni ya imelo) monga WP Mail SMTP, ndi kukonza SPF ndi DKIM (zotsimikizira kuti imeloyo ndi yochokera kwa inu) pa domain yanu musanaitane munthu ndi mmodzi yemwe.

China, mndandanda wa mamembala umaoneka kwa aliyense wodutsa pa intaneti, ndi Google yomwe, mukapanda kuutseka. Mayina ndi malo antchito a anthu asakhale pambalambanda. Kuyambira pa BuddyPress 12.0, imene inatuluka mu Disembala 2023, muli Community Visibility yoti musankhe kuti aziona ndi mamembala okha.

Kamwendo:
Mayi Nangondo, kuzimitsako n'kotheka, sindikutsutsa. Koma mukazimitsa zigawo zisanu mwatchulazo, mwatsala ndi chiyani chimene plugin yaing'ono singachite? Ndipo pali mtengo wobisika. BuddyPress siisunga zolemba za pa tsamba la membala mu wp_usermeta momwe ma plugin ambiri amayang'ana. Imapanga matebulo akeake mu database: mafunso ali mu wp_bp_xprofile_fields, mayankho ali mu wp_bp_xprofile_data. Tsiku limene komiti idzati tisinthe, mukaizimitsa matebulowo amatsala mu database, koma plugin yatsopano siiwawerenga. Pamafunika munthu wodziwa SQL kapena chida cha export kuti asamutse chaka ndi ntchito ya aliyense. Kulowa n'kosavuta, kutuluka ndiye kumatulutsa thukuta.

Theme, imene imapatsa webusaiti maonekedwe, nayo imafuna kuyesedwa. Masamba a mamembala amajambulidwa ndi template pack, BP Nouveau kapena BP Legacy, ndipo theme imene sinakonzedwere zimenezi imatha kupanikiza mabatani pafoni mpaka osadinika. Komanso 12.0 ija inasintha kapangidwe ka ma URL, moti ma add-on akale ena amafuna plugin ya BP Classic, yobwezeretsa kapangidwe kakale, kuti agwire. Ntchito yoyang'anira zonsezi ikhala ya munthu mmodzi wongodzipereka, amenenso ali ndi ntchito yake.

Chimwemwe_M:
Zikomo nonse. Ndafunsa a komiti, akuti za ubwenzi ndi mauthenga amseri alibe nazo ntchito, poti macheza onse ali kale pa magulu a WhatsApp a chaka ndi chaka. Ndiye ndiike chiyani m'malo mwake?

Mbewe_IT:
Yankho la komitilo latha nkhani, achimwene. Anthu amene ali kale pa WhatsApp, ambiri ndi bandulo ya WhatsApp yokha, sangagule bandulo ina kuti akapereke moni pa webusaiti. Activity Stream yomwe uthenga wake womaliza ndi wa miyezi inayi yapitayo imaonetsa ngati bungwe linafa, pomwe mndandanda wa mamembala ngakhale ukhale chaka osasintha umagwirabe ntchito yake.

Chitani izi, poyamba pa webusaiti yoyeserera, osati yeniyeniyo. Ikani plugin yaulere ya Ultimate Member, yopanga masamba ndi mndandanda wa mamembala, mupange fomu ya mafunso anayi anu. Chaka ndi boma zikhale zosankha pa mndandanda, osati zolemba ndi manja, apo ayi wina alemba "Lilongwe", wina "LL", wina "Area 25", kusefa n'kukanika. Pa role ya mamembala musankhe Require Admin Review, kuti mlembi wa bungwe azivomereza yekha aliyense wolembetsa. Pa anthu 300 odziwana njira imeneyi imaposa CAPTCHA. Tsamba la Member Directory mulitseke kuti aziliona olowa mu akaunti okha. Za SMTP zimene anena mayi Nangondo zikufunikabe, chifukwa woiwala pasiwedi amadalira imelo yomweyo.

bbPress muiike pambuyo, ndipo muyambe ndi chipinda chimodzi, osati khumi zopanda anthu. Ubwino wake ndi woti mitu ndi mayankho zimakhala mu wp_posts monga zolemba zina zonse za WordPress, moti backup ndi export wamba zimazitenga.

Mukafuna umboni woti mukaonetse uja akufuna Facebook yathuyathu, ikani Query Monitor, plugin yowerenga ma query (mafunso opita ku database), pa webusaiti yoyesererayo, mulowe ngati admin, mutsegule tsamba la mndandanda ndi BuddyPress yoyatsa zonse, mulembe chiwerengero cha ma query ndi nthawi yake, kenako muyesenso ndi Ultimate Member. BuddyPress mudzaiganizirenso pokhapokha magulu atafuna malo awoawo otsekedwa okhala ndi atsogoleri awo, mutapeza anthu osachepera awiri oti azichotsa spam ndi kuweruza madandaulo, komanso ndalama ya hosting yokhala ndi object cache monga Redis (yosunga mayankho a database pafupi kuti isamafunsidwe pafupipafupi) itapezeka.