Mnyamata wathu akufuna kunena poyera, ejenti akukana, mtolankhani wanunkhiza kale. Ndiyambe ndi ndani?

Wa_Welfare: Anzanga, ndikulemba mothamanga. Musandifunse timu kapena ligi, sindinena. Lachiwiri titamaliza thirening'i mnyamata wina wa timu yaikulu, wa zaka 22, analowa muofesi mwanga, n'kutseka chitseko, n'kundiuza kuti chibwenzi chake ndi mwamuna mnzake ndipo kubisa kwamutopetsa. Akufuna anene poyera sizoni isanathe. Kwatsala magemu 6. Kontirakiti yake ikutha chaka chamawa, ndiye mukudziwa nokha kuti msika ukubwerawu ndi pomwe bodi ingafune kumugulitsa. Ejenti wake akuti asayerekeze, matimu awiri omwe akumufuna athawa. Apa n'kuti mtolankhani wina waimba kale foni kufunsa za moyo wa mnyamatayu kunja kwa bwalo, kusonyeza kuti pena pake padontha. Amene tikudziwa ndi ine, ejenti ndi mchemwali wake basi. Kochi sakudziwa, kaputeni sakudziwa. Chinanso, pa pre-season, ulendo wokonzekera sizoni yatsopano, tikupita kudziko komwe zimenezi ndi mlandu wa ndende, ndipo bodi idasainira kale ndalama za ulendowo. Ndatsegula mafayilo onse a safeguarding, a malamulo oteteza osewera, palibe tsamba lonena izi. Ndiyambe ndi kochi, a zamalamulo kapena union, bungwe loimira osewera? Zoti ndi tchimo kapena ayi musandiuze, sindikufunsa zimenezo.

Ejenti_Mdala: Achemwali, mnzanga ejentiyo akunena zoona. Adikire, adzanene akadzasiya mpira. Thomas Hitzlsperger adasewera Aston Villa, adatenga Bundesliga ndi Stuttgart mu 2007, magemu 52 a dziko la Germany, ndipo adasiya mpira mu 2013 n'kudzanena mu Januwale 2014. Munthu wanzeru. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Asainire kaye kontirakiti ya zaka zinayi, zinazo pambuyo.

Loya_wa_Osewera: Choyamba, musalembe dzina lake pa imelo ya kalabu, pa WhatsApp ya staff, ngakhale mu lipoti lanu la pamwezi. Ngati muli ku Ulaya, nkhani yotere ili m'gulu la zinsinsi zomwe GDPR, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, imateteza mwapadera, ndiye kumuuza kochi popanda chilolezo cha mwini wake kungakutengereni inuyo kubwalo. Chachiwiri, mwafunsa molakwika. Si inu woyamba ndi wina aliyense. Mufunseni iyeyo kuti akufuna adziwe ndani, motsatana bwanji, ndipo mugwirizane momveka. Union ndi yabwino chifukwa siidya ndalama akagulitsidwa, pomwe bodi ndi ejenti onse ali ndi gawo pamenepo.

Media_Ofisa_77: Ine mantha anga ali pa mtolankhaniyo. Akaimba kufunsa za kunja kwa bwalo, nkhani amakhala walemba kale, akungofuna chiganizo chanu choti aikemo. Musakane. Mukakana lero, mnyamata akadzanena mwezi wamawa kalabu idzaoneka kuti imachita naye manyazi, ndipo iyenso adzaoneka wabodza. Yankho ndi limodzi: moyo wa osewera kunja kwa ntchito sitiuyankhulira. Kumbukirani Gareth Thomas wa rugby, mu 2019 adaulula kuti mtolankhani adafika kwa makolo ake ndi nkhani yoti ali ndi HIV iye asanawauze. Choncho makolo a mnyamatayu akudziwa? Mwatchula mchemwali yekha.

Wa_Welfare: Sakudziwa. Bambo ake ndi amene akumuopa kwambiri kuposa masapota.

Media_Ofisa_77: Ndiye yambirani pamenepo, osati pa sitetimenti. Blackpool itamuthandiza Jake Daniels mu Meyi 2022 zinaoneka zadongosolo chifukwa abale ndi anzake a mutimu adali atadziwa kale, kenako kalabu idatulutsa uthenga wake ndipo Sky Sports idaonetsa kucheza naye tsiku lomwelo. Mwana wa zaka 17. Josh Cavallo mu Okutobala 2021 adanena pa kanema yemwe Adelaide United idatulutsa yokha. Jakub Jankto mu Febuluwale 2023 adaika kanema wachidule pa masamba ake. Onsewa nkhani adaigwira okha isanawagwire.

Ejenti_Mdala: Mwatchula atatu. Pa anyamata masauzande angati omwe akusewera mpira wa ndalama? Enawo ndi opusa? Philipp Lahm, kaputeni yemwe adanyamula World Cup mu 2014, adanena mu 2021 kuti sangalangize wosewera kuti anene akadali pabwalo. Ku Germany komweko adakonza zoti osewera anene pamodzi pa 17 Meyi 2024, tsiku lidafika, palibe wosewera wa Bundesliga adatulukira. Adikire.

Sikauti_J: Madala, zoti palibe angamugule si zoona zonse. Jankto adanena ali pa loni ku Sparta Prague kuchokera ku Getafe, ndipo chaka chomwecho Cagliari idamutenga kukasewera Serie A. Robbie Rogers adanena mu Febuluwale 2013 atachoka ku Leeds, adalengeza kuti wasiya mpira, mu Meyi LA Galaxy idamusainitsa, 2014 adatenga nayo MLS Cup. Komabe ndivomereze, msika umachepa. Ku Saudi Arabia ndi ku Qatar aiwale, ndipo kumeneko ndi komwe anyamata ambiri akukapezera ndalama za penshoni masiku ano. Ine ndidakhalapo mumsonkhano wina pomwe bwana wa kalabu adachotsa dzina la mnyamata pamndandanda chifukwa cha mphekesera chabe. Sadanene chifukwa chake. Adangoti sakugwirizana ndi kaseweredwe kathu. Ungamusumire bwanji munthu wotero?

Kochi_wa_Achinyamata: Nonse mukukamba za atolankhani ndi msika, koma mnyamatayu tsiku lililonse amavula zovala m'chipinda chimodzi ndi anyamata 25. Nkhani imathera mmenemo. Kochi asamve pa foni ya mtolankhani, imeneyo ndi ngozi, chifukwa akamva mochedwa amadziona ngati mwamupeputsa ndipo mnyamata adzalipira ndi benchi. Mnyamata akalola, kochi ayambe, kenako kaputeni ndi akuluakulu awiri kapena atatu a m'chipinda. Osati msonkhano wa onse. Mumsonkhano wa onse mmodzi akaseka, zatha.

Ndidali ndi mnyamata wina mu under 18 zaka zapitazo. Sadanene kanthu, koma anzake adamuganizira. Adayamba kubwera atavala kale, kuchoka osasamba, kenako kuvulala kosatha komwe fizio sankakupeza. Adasiya mpira ali ndi zaka 19, phazi lamanzere ngati limenelo sindinalionenso. Ine ndinkamva nthabwala zija tsiku ndi tsiku n'kumati ndi zachinyamata. Mpaka lero zimandidya. Onani zomwe adachita anyamata a San Diego Loyal ya ku America mu Seputembala 2020, mnzawo Collin Martin, yemwe adali atanena kale poyera, atatukwanidwa ndi wosewera wa Phoenix Rising. Ankatsogola 3-1, mapointi ankawafuna kuti alowe ma playoff, koma timu yonse ndi kochi wawo Landon Donovan idatuluka m'bwalo. Dzifunseni ngati anyamata anu angachite theka la zimenezo. Ngati yankho ndi ayi, ntchito yanu ili pamenepo.

Ejenti_Mdala: Ndipo ma playoff adawaphonya. Walira mvula walira matope. Justin Fashanu mwamuiwala? Wosewera wakuda woyamba kugulidwa paundi miliyoni imodzi, kuchoka ku Norwich kupita ku Nottingham Forest mu 1981. Adanena mu 1990, mchimwene wake John adamukana m'nyuzipepala, 1998 adadzipha ku London. Ine sindikudana ndi anthu a mathanyula, ndikungoteteza mkate wa mwana. Adikire.

Wa_Welfare: Madala, mawu amenewo musawagwiritse ntchito pano chonde. Ndipo kudikira kulibe, ndanena kuti mtolankhani waimba kale. Mwina simunawerenge.

Fizio_B: Za Fashanu n'zoona koma imfa yake idali ndi zambiri, kuphatikizapo mlandu womwe ankamuganizira ku Maryland ku America, tisaigwiritse ntchito ngati ndodo yoopsezera ana. Ine chenjezo langa ndi lina. Sabata yoyamba imakhala yokoma. Matimu akuluakulu amatumiza mauthenga, andale amayamikira, masiponsa amaimba. Mavuto amayamba makamera akachoka. Cavallo adatukwanidwa pa gemu ya ku Melbourne Victory mu Januwale 2022, patangopita miyezi yosakwana itatu, ndipo mu 2025 adanena kuti akulandirabe mauthenga omuopseza kuti amupha. Akulakwitsa pasi imodzi, ena amati ndi chifukwa cha zija. Mumupezere katswiri wa zamaganizo wakunja kwa kalabu, yemwe sapereka lipoti kwa kochi, ndipo bajeti yake ikhale ya chaka chonse. Wina agwire masamba ake a pa intaneti kwa miyezi ingapo, asamawerenge ndemanga usiku. Chibwenzi chakenso muchiganizire, iyeyo sadasainire kutchuka kulikonse.

Refu_Wopuma: Pa magemu 6 otsalawo, angati ndi akoyenda? Uzani ligi ndi bungwe la oyimbira nthawi ilipo, asadzadzidzimuke pabwalo. Masapota akayamba kutukwana mwatsankho, ndondomeko ya magawo atatu ilipo: kuimitsa gemu n'kulengeza, kuwatulutsa osewera kwa kanthawi, kenako kuthetsa gemu. Papepala n'zosavuta. Pamaso pa anthu odzaza bwalo refu ambiri amasanduka agonthi, ndikunena ine ndidachitapo. Zimatheka ndithu, mu Juni 2023 ku Las Vegas gemu ya USA ndi Mexico refu adaithetsa nthawi yowonjezera isanathe chifukwa cha nyimbo yotukwana ya masapota. Ku England Wolves idalipitsidwa mapaundi 100,000 mu 2023 chifukwa cha nyimbo yomwe masapota ake adaimbira Chelsea. Koma zotukwana zomwe wosewera amanong'oneza mnzake pa kona, refu sazimva. Mnyamata adziwe kuti akamva auze refu nthawi yomweyo kuti zilowe mu lipoti, osati kudikira mawa.

Loya_wa_Osewera: Za pre-season palibe wayankha. Musadalire lonjezo la pakamwa la okonza ulendo. Ku Qatar mu Novembala 2022 matimu 7 a ku Ulaya adali atakonzeka kuti makaputeni awo avale kachingwe kapamkono ka OneLove kotsutsa tsankho, FIFA itanena za khadi lachikasu onse adabwerera m'mbuyo tsiku lomwe England inkayamba kusewera. Ngati mabungwe akuluakulu choncho adagonja, kalabu yanu siingamuteteze kupolisi yakumeneko. Koma kumusiya osamufunsa ndi tsankho, ndipo kumukakamiza kupita ndi kumuika pangozi. Asankhe yekha, zilembedwe, ndipo kochi avomereze kuti kusapita sikudzamuchotsera malo.

Wa_Ma_Kit: Chonde bodi isadzaganize zoti timu yonse ivale za utawaleza, zosonyeza kuima ndi anthu ngati mnyamatayu, gemu yotsatira. Ndapota nanu. Mudzasandutsa nkhani ya mnyamata mmodzi kukhala kalembera wa amene wavala ndi amene wakana. Idrissa Gueye sadasewere gemu ya PSG ku Montpellier mu Meyi 2022 pomwe timu idavala za utawaleza, Mohamed Camara wa Monaco adaphimba ndi tepi chizindikiro chotsutsa tsankholi pa jezi mu 2024 n'kuletsedwa magemu 4, Sam Morsy wa Ipswich adakana kachingwe ka utawaleza ka kaputeni, Marc Guéhi adalembapo za Yesu. Nkhani yonse idasanduka ya iwowo. Kwathu mnyamata wina wopemphera kwambiri adakana jekete yotere, koma ndi yemweyo amene adamenyana ndi sapota wotukwana mnzake pamalo oimika magalimoto. Anthu sali monga timawaganizira.

Kochi_wa_Achinyamata: Komabe achimwene, mnyamata wobisala akaona kaputeni wake akukana kachingwe, amamva chiyani?

Wa_Ma_Kit: Amamva kuwawa, sindikukana. Ndikungoti musamuike pakati pa nkhondo imeneyo sabata yake yoyamba.

Mayi_wa_Timu_ya_Amayi: Ndikuwerenga ndikuseka pang'ono. Kumbali yathu Pernille Harder adapsompsona Magdalena Eriksson pa World Cup ya 2019, chithunzi chidazungulira dziko, onse awiri adapitiriza mpira n'kudzasewera limodzi ku Chelsea kenako ku Bayern Munich. Megan Rapinoe wa ku America, yemwe adali atanena kale poyera, adatenga Ballon d'Or chaka chomwecho. Sitetimenti yanji? Koma musaganize kuti n'kumwamba. Ife vuto lathu ndi lotembenuka, mtsikana aliyense wosewera mpira anthu amamuganizira kale, ndipo ndidataya atsikana awiri chifukwa makolo adawaletsa poopa zimenezo. Mwa njira, Wa_Welfare, timu yanu ya amayi mwaifunsa? Mwina muli munthu m'nyumba momwemo yemwe adadutsamo kale.

Ejenti_Mdala: Mpira wa amayi ndalama zake ndi zina, masapota ake ndi ena. World Cup ya 2034 ili ku Saudi Arabia, mnyamatayu adzakhala ndi zaka zomwe akhoza kuseweranso timu ya dziko. Mukumutsekera zitseko zomwe simukuziona. Ndanena, adikire.

Sikauti_J: Madala, kachinayi tsopano. Tamva.

Media_Ofisa_77: Wa_Welfare, zili pati? Mtolankhani uja waimbanso?