Abambo akunyumba akukana kuchoka ku Zomba, kodi anthu a kuno mudadya chiyani?

Membala wobisa dzina:
A Admin ndibisireni dzina chonde, alamu anga awiri ali m'gulu momuno ndipo sachedwa kujambula nkhani nkukaonetsa kumudzi.

Ndine mayi wa ana atatu, tikukhala ku Matawale nyumba ya lendi. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndinabwera ndi ntchito ndiye nkukumana ndi abambo akunyumbawa. Iwo kwawo ndi kwa Jali, mfumu yaikulu Mwambo. Mwezi wathawu kuntchito andikweza, koma udindowo uli ku Lilongwe ndipo akufuna yankho mwezi uno usanathe. Malipiro ake abale ndi oti ana akhoza kumadya dzira m'mawa uliwonse. Nditawauza abambowa anangoti "zabwino zonse mayi, koma ine mchombo wanga uli kuno", basi nkutsegula wailesi kumvera mpira wa Red Lions.

Komanso tinayamba kumanga, nyumba yafika pa mawindo. Simenti ndi njerwa zonse ndagula ndine, ngongole ya kuntchito ndi ya banki mkhonde, mwezi ukatha ndimatsala ndi ya sopo yokha. Iwo akuti tichoke bwanji nyumba ili pa mawindo.

Zina sindikanafuna kunena koma zandikwana. Mlamu wanga wamkazi anabwereka poto wanga wamkulu pa chinkhoswe cha mwana wake chaka chatha, mpaka lero kuli zii, ndikafunsa akuti inu a ku Ntcheu mumawerengera. Apongozi akabwera amayamba avundukula ndiwo zanga, akuti matemba sathira tomato wambiri chonchi. Tinapitako ku ukwati ku Area 25, bambowa tsiku lonse kudandaula fumbi, kutentha, madzi akuti sakoma, pobwerera ndinapeza kuti ananyamula chigubu cha madzi a kuno m'chikwama changa. Mlendo aliyense wofika pakhomo, ngakhale wodwala miyendo, amamukweza phiri akaone damu la Mulunguzi.

Ndiye ndifunse, nchiyani chimachititsa munthu kukakamira kwawo chonchi? Ndi kukonda dera chabe kapena pali kamtsikana penapake? Ndipite ndekha ndi ana kapena ndiukane udindowo? Musanditukwane, BP yanga ndi yokwera kale.

Anaphiri a ku Chinamwali:
Pepani asisi. Tisanapite patali, malo mukumangapowo ndi a ndani? Munagula puloti m'tauni muno kapena ndi kumudzi kwa apongozi? Pepala lili m'dzina la ndani?

Mdala wa ku Old Naisi:
Mayi, khalani pansi ndikuuzeni, mwamuna wanuyo alibe mlandu. Boma la dziko lino lidabadwira kuno. Kuyambira 1891 nthawi ya Harry Johnston likulu linali Zomba, mpaka 1975 pamene Kamuzu adalisamutsira ku Lilongwe. Ngakhale adatero, aphungu a Nyumba ya Malamulo ankabwerabe kuno kudzakumana mpaka 1994. Chanco, koleji ya Chancellor ija, idafika kuno 1973 kuchokera ku Chichiri, ndiye maloya ndi mabwana a ku Kapitolo amene akakulamulireniwo, ambiri adakulira chips cha ku Chikanda. Mayeso a ana anu amachokera kuti? MANEB ili kuno. Owerenga anthu a dziko lonse, a National Statistical Office, ali kuno. Zikalata zakale za boma zili ku National Archives, kunonso. Amayi ake a Mfumukazi ya ku Mangalande adakwera phiri lathuli 1957 mpaka malowo kutchedwa Queen's View, Haile Selassie nayenso adakwera nkusiya Emperor's View. Ku Lilongwe mfumu ikafika imakwera chiyani? Ine anzanga onse a mu ofesi atalongedza kupita kumeneko ndinatsala, ndipo mpaka lero ndimagona ndi bulangete ngakhale mu Okutobala.

Mnyamata wa ku 25:
Madala zonse mwatchulazi ndi "kudali", "adabwera", "adakwera". Mbiri sagulira ufa. Ndiye mwaiwala kutchula ndende yaikulu ndi chipatala cha amisala kkkkk. Kwathu kuno munthu akayamba kuyankhula yekha pamsewu timati akufuna ulendo wa ku Zomba.

Mdala wa ku Old Naisi:
Iwe mwana, mano ako asakupusitse. Chipatala chimenecho chimalandira odwala a dziko lonse, ena mwa iwo abale ako omwe, ndipo matenda si choseketsa. Nthabwala yakoyi tidayamba kuimva usanabadwe. Mudatitengera likulu, mudatitengera aphungu, kenako muzitiseka, ndiye mukudabwa kuti bwanji timakakamira kwathu? Mukamatinyoza mpamene timalimba. Munthu wa ku Zomba akhoza kudandaula yekha za maenje a mumsewu usiku wonse, koma wa ku 25 akangotsegula pakamwa tonse timakhala amodzi.

Make Junior:
Asisi mverani funso la Anaphiri. Ine ndinamanga kumudzi kwa malemu amuna anga, malata, matailosi, chimbudzi cha m'nyumba, zonse ndi ndalama yanga ya geni ya kaunjika. Titangochoka kumanda alamu anayamba kuyeza zipinda ndi maso. Sadaka isanachitike ndinali nditatuluka ndi chikwama chimodzi ndi ndowa. Anandiuza kuti dothi ili ndi la mbumba, mkazi wa mwana wawo ndi mlendo. Pano ndili ku Sadzi chipinda chimodzi ndi ana awiri. Mtima ukundiwawabe ndikamalemba izi.

Mayi wa Mvano:
Akazi a masiku ano ndalama zakulowani m'mutu. Banja ndi kupirira. Mwamuna ndiye mutu, akati sitisamuka ndiye kuti sitisamuka. Mwaika nkhani ya m'nyumba pa Facebook ankhoswe anu ali moyo? Pitani kwa ankhoswe, mupempherenso.

Mtsikana wa Chanco:
Amayi ndi ulemu wonse, mutuwo bwanji sunagule simenti? Akanakhala bamboyo ndiye wakwezedwa, bwenzi pano tonse tikuti mayi longedzani mapoto.

Mayi wa Mvano:
Ukakwatiwa udzandiuza mwana wanga.

Mtsikana wa Chanco:
Ndikakwatiwa ndidzamanga pa puloti yanga amayi.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Nkhaniyi si ya Zomba yokha ayi. Taonani mabasi a kumpoto mu Disembala momwe amadzazira. Inu nomwe a ku Ntcheu chaka chilichonse mumakavala zikopa ku Umhlangano kwa Inkosi Gomani, Alhomwe nawo amakasonkhana kwa Chonde. Dziko lathuli silikulola kuiwala kwanu. Ukamalembetsa chiphaso cha unzika kapena pasipoti amakufunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera, ngakhale unabadwira ku Ndirande ndipo kumudziko sunapondeko. Anthu awiri akakumana funso loyamba ndi lakuti kwanu nkuti. Munthu akamwalira m'tauni timasonkha ya galimoto kuti akagone ndi makolo ake. Munda ukaufuna suupeza kwina koma kwanu.

Koma kwa amuna a kuno pali china chimene mwina simunachione. Midzi yambiri ya kwa Mwambo, kwa Kuntumanji, kwa Chikowi imayendera mbali ya kuchikazi. Mwamuna ndi mwini mbumba ya alongo ake. Maliro akagwa, mlandu wa malire a munda ukabuka, mwana wa mlongo wake akafuna banja, onse amadikira malume. Ngati amuna anuwo ndiye amalume odalirika pa mtundu wawo, kwa Jali kuchokera ku Matawale ndi ulendo wa m'mawa umodzi, pomwe kuchokera ku Lilongwe ndi tsiku lathunthu ndi ndalama ya minibasi yosati masewera. Kuno ndi munthu wolemekezeka, akafika anthu amamuyalira mkeka. Ku Lilongwe akakhala mwamuna wa mayi uja wa ku ofesi. Mwamuna sangakuuzeni zimenezi, amangoti madzi a kumeneko sakoma.

Mdala wa ku Old Naisi:
Aphunzitsi mwayankhula bwino koma madziwo musawapeputse. Athuwa amatsika okha kuchokera m'phiri, ozizira, sopo amachita thovu. Phiri lake lotalika kupitirira mamita 2,000. Mastroberi, mapeyala, mbatata ya kachewere, zonse pamsewu wokwera ku Ku Chawe. Mpunga wa ku Domasi ndi ku Likangala. Pulezidenti woyamba wamkazi m'dziko muno, Joyce Banda, 2012, kwawo ndi kwa Malemia konkuno. Wa ku 25 uja wathawira kuti?

Mnyamata wa ku 25:
Ndilipo madala, ndinali pa mzere wa magalimoto, zinthu zimene kwanuko simuzidziwa chifukwa tauni yonse ndi msewu umodzi.

Msodzi wa pa Kachulu:
Inu mukukamba za phiri, bwerani kunyanja muone kukonda kwanu kwenikweni. Chilwa idaphwa 1968, idaphwanso 1995, 2018 tinaona tokha mabwato atakhala pamatope ong'aluka pa doko pano. Ena anapita kukasaka maganyu ku Mangochi, koma madzi atangobwerera onse anabwerera, ndi a pa chilumba cha Chisi omwe. Akulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Komanso apongozi anuwo akunena zoona, matemba a Chilwa safuna tomato wambiri. Amene akufuna ouma bwino andipeze ku inbox, ndimatumiza mpaka ku Lilongwe.

Bambo Wosweka Mtima:
Achimwene amene mukukambidwa pano ngati mukuwerenga, musalole. Ine wanga ndinamuperekeza ndekha pa depoti, ndinamunyamulira chikwama. Miyezi yoyamba ankabwera kumapeto kwa mwezi, kenako ntchito yachuluka, kenako netiweki ikuvuta. Ndinamva kwa anthu kuti wina wa galimoto yoyera akumakamutenga ku ofesi. Lilongwe imadya mabanja.

Mtsikana wa Chanco:
Ndiye bwanji simunapite naye?

Bambo Wosweka Mtima:
Ndisiye Zomba?

Wa Kabaza pa Mpondabwino:
Kkkkkk matendawa ndi a tonse eti.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Amayi a Mvano, ankhoswe ndinapitako, wa kuchimuna ndi malume awo a bambowa ndipo anangoti Zomba ndi yabwino kulerera ana. Aphunzitsi mwalasa, foni yawo imalira usiku ndi usiku nkhani za kumudzi. Za kamtsikana sindinagwire kanthu koma foniyo ili ndi pasiwedi yatsopano. Potoyo ndi wa malita makumi awiri, ndinagula ku Limbe, si wotchipa ayi.

Anaphiri a ku Chinamwali:
Asisi poto tamva. MALOWO NDI A NDANI?

Kalaliki Wopuma:
Ndithandizeko pang'ono pa zimene Anaphiri akufunsa. Ngati ndi puloti ya m'tauni, onani dzina limene lili pa mapepala a ku khonsolo kapena ku Lands, ndipo mukhoza kupempha kuti maina akhale awiri. Ngati ndi malo a makolo kumudzi, imitsani kaye simenti mpaka mutakhala pansi ndi eni mbumba ndi amfumu, zogwirizana zilembedwe. Malisiti onse a zomangira sungani kwa m'bale wanu, osati m'nyumbamo. Make Junior, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Pitani ku Legal Aid, ofesi yawo ilipo mu Zomba momuno. Za ntchitozo, funsani mabwana anu ngati angakupatseni nthawi yokonzekera kuti ana amalize teremu.

Mdala wa ku Old Naisi:
A Kalaliki mukuopseza mayiyu ndi malamulo pomwe nkhani ndi yophweka. Amange, akhale. Amene adathamangira ku Lilongwe 1975 ndikuwaona akubwerera mmodzimmodzi kudzafuna malo ku Mulunguzi ndi ku Naisi kuno atapuma ntchito, mitengo itakwera kale. Ndipo amene mukuti Zomba ndi tauni ya msewu umodzi dziwani kuti idalandira ulemu wa mzinda 2008, kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 105,000. Pitani pa chipilala cha asilikali a nthawi ya atsamunda a King's African Rifles (KAR) pafupi ndi Cobbe Barracks mukawerenge maina, mudzabwere mudzandiuze ngati ku 25 kuli chotere.

Make Junior:
Madala inu zipilala zanuzo ine zinandisungira nyumba?

Mdala wa ku Old Naisi:
Pepani mayi, alamu anuwo ndi anthu oipa chabe, ndipo ndikukayika ngati ali a Zomba enieni.

Make Junior:
A kwa Chikowi, obadwira konko, agogo awo konko.

Admin:
Madala ndemanga zanu zachuluka, apatseniko mpata ena. Otsatsa malonda tikuchotsani. Mwini funso, anthu akudikira yankho la malo.

Membala wobisa dzina:
Pepani ndinali kokatenga ana ku sukulu. Ndangofika pakhomo ndapeza apongozi abwera osanena, ali ndi thumba la mpunga ndi nkhuku, akuti amva kuti ndikufuna kuwathawitsira mwana wawo. Ndiye alamu aja aionadi nkhaniyi. A Admin mukhoza kuichotsa?

Wa Kabaza pa Mpondabwino:
Musanachotse a Admin. Asisi, ngati udindowo mwaukana tiuzeni ofesi yake ku inbox, mayi akunyumba kwanga ali ndi dipuloma ndipo ine Lilongwe ndilibe nayo vuto, kabaza ndi kulikonse.