Mphaka woyamwitsa: timuchite opaleshoni yoletsa kubereka pompano kapena tidikire?

Wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mayi ena ogulitsa chimanga abwera ndi mphaka wawo m'thumba la feteleza, mutu wokha uli panja. Waswa ana anayi masabata atatu apitawa, akuyamwabe, koma usiku amphongo ayamba kale kulira padenga. Mayiwo atopa, akuti ana am'mbuyomu mwana wawo anakawataya kumtsinje wa Likangala. Akufuna jakisoni wolera ngati wa anthu uja. Dokotala wa ziweto abwera Lachisanu. Ndiwauze chani?

Wa ku Thondwe: Jakisoni ameneyo ayi achimwene. Ine ndinabayapo Depo mphaka wina chifukwa chokakamizidwa. Patapita miyezi anabwera mimba ili tuu, akumwa madzi osalekeza, chiberekero chitadzaza mafinya. Mankhwalawa amatupitsanso mawere, ena mpaka zotupa. Sindidzabwerezanso.

Wa ku Chinamwali: Nanga kungodikira aleke kuyamwitsa?

Madala a ku Domasi: Kudikira n'kwabwino ngati mwini wake angathe kumutsekera m'nyumba. Koma mphaka wa mosungira chimanga angatsekeredwe ndani? Mphaka sali ngati galu. Dzira limatuluka akangokweredwa, ndiye usiku umodzi wokha wakwana, ndipo amatha kutenga bere ana akadali kubere. Pakangotha masiku 63 kapena 65 mayiwo adzabweranso ndi thumba lina. Ine ndikanati ana afike masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ayambe kudya tiusipa tofewa, kenako adokotala amuchotse chiberekero podzera m'nthiti muno, cham'mbali, osati pamimba. Pamimba panthawiyi pali mkaka ndi misempha yambiri ya magazi, komanso tiana tikamayamwa timakanda pachilonda.

Wa ku Jali: Zoona madala. Muwonjezepo za kuzizira. Ndi June uno, Zomba mukuidziwa chiperoni chikatsika m'phiri. Mphaka wogonetsedwa ndi mankhwala a ketamine ndi xylazine pa opaleshoni amazizira msanga, amachedwa kudzuka. Ife timathira madzi ofunda m'botolo, kukulunga ndi chitenje, kuika m'katoni. Maso amakhala chotsegula, musaiwale kupaka mafuta a m'maso.

Wa ku Thondwe: Ndipo muwauzitsitse mayiwo: Panado ayi! Kambewu kamodzi kangathe kupha mphaka. Anthu amachita mwachifundo akaona akubuula. Ulusi mudzachotse pakatha masiku 10 mpaka 14.

Wa ku Chinamwali: Afunsanso ngati adzagwirabe makoswe. Akuti mphaka wochotsedwa chiberekero amasanduka mlesi.

Madala a ku Domasi: Kusaka sikuchokera m'chiberekero. Amene amagona tsiku lonse ndi amene akukhutitsidwa mkute. Ndipotu wofula wamphongo ndiye amakhala pakhomo, saswera kumenyana kwa eni. Tiana tinayito musatiiwale, taakazi timatha kutenga bere tili ndi miyezi inayi kapena isanu. Mudzatilembe tsiku lomwelo kuti nato tidzachitidwe opaleshoni, pamodzi ndi katemera wa chiwewe tikakwana miyezi itatu.

Wa ku Chinamwali: Ndawaimbira. Avomera kumutsekera m'chipinda cha matumba masabata awiri, akuti bola adye makoswe a momwemo. Koma mtengo ati tikambirane akagulitsa chimanga.

Wa ku Jali: Zenera la chipindacho mukalione nokha achimwene. Amphongo a ku Chinamwali salephera.